Ndowa Yosatsegula Kuchokera ku Mutare

Chaka cha 2007 munthu ukalowa m'sitolo ku Bindura, m'dziko la Zimbabwe, unkapeza mashelefu okhaokha akukuyang'ana. Feteleza kunalibe, sopo kunalibe, mchere weniweniwu anthu ankagulitsana monong'ona ngati chamba. M'chaka chimenechi ndi mmene ine Rudo Mbewe, mtsikana wa dipuloma, woimba kwaya ku tchalitchi cha Pentekosite, ndinayenda kuchokera ku Mutare mpaka kwathu nditafungata ndowa ya nyongolotsi pamiyendo.

Ndiyambe ndi chimene chinandituma. Ndinali nditangolembedwa ntchito pa mgodi wa golide umene malemu bambo anga anagwirapo moyo wawo wonse. Ofesi yanga inali yoona zachilengedwe ndi anthu okhala mozungulira mgodi. Ndikati ofesi ndikunena tebulo limodzi kuseri kwa chitseko ndi chithunzi cha mtengo chomata pakhoma. Anthu akunja amene ankaika chuma chawo mu mgodiwo anali atayamba mafunso: fumbi lanu limapita kuti, madzi akuda mumataya kuti, nanga anthu a pa komboni mumawachitira chiyani? Abwana anga a Gumbo anatolapo mawu amodzi a Chingerezi, sasitenabilite, onena za kusamala chilengedwe poganizira za mawa, ndipo ankawathira paliponse ngati tomato.

Kuti alendowo akadzabwera adzaone kanthu, kampani inapatsa amayi a pa komboni malo olimapo masamba m'munsi mwa dampu, chimulu chija cha dothi lochokera pansi pa mgodi. Dothi la pamalopo linali lotuwa, louma gwa, moti ngakhale chisoso chinkapita kukamera kwina. A Gumbo sanabise mawu. Anati alendo akubwera chaka chikangotembenuka, ndipo akadzapeza palibe chobiriwira, malowo adzasanduka poimika malole.

Mtsogoleri wa gulu la amayiwo anali mayi anga ondibala, Naphiri. Anabadwira pa famu ku Mazowe, makolo awo ochokera ku Dedza. Moyo wawo wonse anathyola fodya wa eni ndi malalanje a eni, ngakhale atakwatiwa pa mgodi ankapitabe kumaganyu. Ntchito za m'mafamu zitatha, anzawo a Chishona anabwerera kumidzi kwawo, koma iwo analibe mudzi wobwererako. Malo a m'munsi mwa dampu anali dothi loyamba limene munthu anawalozera n'kunena kuti apa mpanu. Ankapitako m'mawa uliwonse kukangoliyang'ana.

Za nyongolotsi ndinazimva ku msonkhano wina wa ntchito. Anati zilipo zofiira, zing'onozing'ono, zimene zimadya ndowe, masamba ndi zinyalala za kukhitchini n'kutulutsa manyowa oti dothi lakufa limadzuka nawo. Bungwe lina la kufupi ndi Mutare linkazipereka ulere, bola ukatenge wekha. Ndinalakwa kuuza amayi ndisanaganize za mayendedwe. Pofika madzulo komboni yonse inali itamva, ndipo sabata isanathe amayi aja anali atamanga timakola ta njerwa, atatutira ndowe ndi masamba, akungodikira alendo ofiira. Galimoto ya kampani inalibe dizilo. A Gumbo anandisisita paphewa n'kunena kuti kukwera basi nakonso ndi sasitenabilite. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinanyamuka.

Ulendo wopita ulibe nkhani, ndinali ndi chikwama chokha. Ku bungweko bambo wina wachipewa chachikulu anandipatsa ndowa yoyera ya pulasitiki, chivundikiro chake choboolaboola, yokulungidwa m'chiguduli chonyowa. Anandilangiza ngati akundipatsa khanda: isakhale padzuwa, chiguduli chisaume, ndisamatsegule chisawawa chifukwa kuwala zimadana nako. Zikamva njala ndiziponyere makoko a nthochi, koma a malalanje ayi, amaziwawa.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Pa siteshoni ya mabasi ku Sakubva, mu Mutare momwemo, ndinapeza basi ya ku Harare yatsala pang'ono kudzaza. Hwindi wake, ndiye kuti woitanira anthu ndi kukweza katundu, anagwira ndowa yanga ndisanamupatse moni.

“Muli chiyani umu, sisi?” anafunsa m'Chishona.

“Nyongolotsi,” ndinayankha mwaulemu, monga mwana wa Mulungu.

Anaseka mpaka kugwira tayala. Anaitana anzake, nawonso anaseka. Atapukuta misozi anati nyongolotsi zikwera pamwamba limodzi ndi matumba a makala, mkati ndi mwa anthu. Pamwamba pa basi, masana a Okutobala! Iye anakoka, ine ndinakoka, ndinatchulapo ndi dipuloma yanga, koma basi inanyamuka ine ndili pansi ndi ndowa yanga. Ndinatsimikiza mumtima kuti mawu oti nyongolotsi sadzatulukanso pakamwa panga mpaka ku Bindura.

Hwindi wa basi yachiwiri atafunsa, ndinalimbitsa nkhope. “Ndi katundu wa ku ntchito. Sakhala padzuwa, ndipo sagwiridwa ndi munthu wina.” Anandiyang'ana, anayang'ana chiguduli chodontha madzi, n'kundipatsa njira.

Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wojintcha, wansangala, amene anadzitchula kuti Mai Tsitsi. Ankachokera ku Mozambique kokagula mpunga, sopo ndi mchere zoti akagulitse, ndipo matumba ake anali pansi pa mpando, pamiyendo ndi pamapazi anga omwe. Tikudikira kuti basi idzaze, anandiuza za mwamuna wake waulesi, za bondo lake ndi za mpongozi wake wosadziwa kuchapa. Kenako anatulutsa nthochi n'kundigawira. Ndinadya, ndinathokoza, ndipo ndinatukula chivundikiro pang'ono n'kulowetsa khoko m'ndowa. Ndinapemphanso khoko lake, nalonso ndinalowetsa.

Nkhani ya mpongozi inathera pakati.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Pokwera phiri lotulukira mu Mutare basi inayamba kutsokomola, inafuka nthunzi, ndipo tinaima kuti izizire. Mkati munatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Anthu ankadzikupiza ndi manyuzipepala, ine ndinatenga botolo langa la madzi akumwa n'kuwaza chiguduli, osamwako ngakhale dontho. Nkhawa itandikulira ndinagunditsa khutu pa ndowa, poti zikakhala zambiri zimamveka kuyenda pang'onopang'ono. Nditadzutsa mutu ndinapeza Mai Tsitsi akundiyang'ana ndi diso la m'mbali.

Pamenepo foni yanga inalira. Anali amayi, atabwereka foni ya mlonda wa pa geti ya mgodi. Amayi salankhula nane Chishona, ndipo pafoni amakuwa ngati ali kutsidya la mtsinje, choncho nanenso ndinakuwa m'Chichewa.

“Zili moyo, amayi! Eya, ndazidyetsa! Zagona tsopano. Ayi, palibe waziona. Mukonzeretu pogona pake, pakhale pamdima!”

Chichewa ndi Chishona n'zapachibale, munthu safuna womasulira kuti amve moyo, kudya ndi kugona. Komanso tsopano basi yonse inadziwa kuti ndine Mubhurandaya, dzina limene amatitcha ife a makolo ochokera ku Malawi. Ku Zimbabwe tili ndi mbiri imene sitinaipemphe. Amati Mmalawi aliyense ali ndi agogo odziwa mankhwala, ndipo ukamubera nkhuku udzalira ngati tambala pamaliro a apongozi ako. Ine ndinakula ndikuthawa mbiri imeneyi, n'chifukwa chake ku tchalitchi ndinkakhala mpando wakutsogolo. Tsiku limenelo inandipeza ndili ndi ndowa yodya makoko a nthochi.

Ndinamva mawu akuyenda kuchokera mpando ndi mpando: chikwambo. Kwa Ashona chikwambo ndi kanthu kamene munthu amakagula kwa sing'anga kuti kazimubweretsera chuma, ndipo kamafuna kudyetsedwa ndi kusungidwa pobisika. Bambo amene anaimirira pafupi nane, amene chigongono chake chinali pamutu panga chichokereni ku Sakubva, anapeza malo ena. Matumba a Mai Tsitsi anachoka pamapazi anga okha. Kunena zoona, kuyambira pamenepo ndinayenda ngati nduna, miyendo yotambasula, mphepo ya pawindo ikundipeza bwinobwino.

Ku Nyazura kondakitala analengeza kuti mtengo wa ulendo wakwera, aliyense awonjezere. M'chaka chimenecho zinali zosadabwitsa, mtengo unkatha kukwera munthu uli pakati potsegula chikwama. Anthu anakuwa, anatukwana, kenako anapereka. Atafika pa ine anayang'ana denga la basi n'kudutsa. Ndinachita kumuitana kuti alandire, ndipo analandira ndi nsonga za zala.

Ku Rusape dizilo anatha. Dalaivala anatenga zigubu n'kulowera kuseri kwa masitolo, ife tinatsala tikuphikika. Mmenemo munakwera mlaliki wa m'mabasi, jekete lonyezimira, Baibulo lopanda chikuto. Anayamba bwino ndi nkhani ya Yona, koma wina anamunong'oneza, ndipo ulaliki unakhota. Anayamba kudzudzula anthu ofuna chuma chachidule, onyamula mdima m'ziwiya, amene amadyetsa zinthu zosabatizidwa. Ankaloza ndowa yanga ataima patali ndithu, pafupi ndi chitseko. Tsono ine ndine wa Pentekosite, munthu akatchula dzina la Yesu mokweza pakamwa panga sipadikira chilolezo.

“Moto wa Mzimu Woyera utsike!” anakuwa mlaliki.

“Ameni!” ndinakuwa ine kuposa onse, dzanja limodzi m'mwamba, linalo litakumbatira ndowa.

Mlaliki anasokonezeka. Anayesanso, ine ndinavomeranso, mpaka ndinayambitsa korasi. Anatsika osatolera n'chopereka chomwe.

Mai Tsitsi sanaseke. Anandigwira dzanja n'kundifunsa motsitsa mawu, “Mwanangu, anakupatsa ndani katundu ameneyu?”

“A ku ntchito, mayi.”

“Ndiye ukupita naye kwa yani?”

“Kwa amayi anga. Akumudikira kwambiri.”

Anapukusa mutu, maso ake atadzaza chisoni. “Zvakaoma,” anatero, kutanthauza kuti n'zovuta. “Makolo enawa. Mwana wabwinobwino, wopemphera.”

Apa ndikanatha kuulula. Koma ndinakumbukira kuseka kwa ku Sakubva ndi denga la basi, ndipo Harare inali ikadali kutali. 

Tisanalowe mu Marondera tinapeza apolisi atatseka msewu, akufufuza katundu wolowa m'dziko mozemba. Aliyense anatsika ndi zikwama zake n'kuzitsegula m'mbali mwa msewu. Wapolisi wina wachinyamata anafika pa ine n'kuloza ndowa ndi ndodo yake. Hwindi anamuthamangira n'kumunong'oneza. Wapolisiyo anapempha chitupa changa, anawerenga dzina loti Mbewe, anayang'ananso chiguduli, ndipo anandibwezera chitupacho ndi manja awiri.

“Mufike bwino, sisi,” anatero.

Nditatembenuka ndinapeza matumba onse a Mai Tsitsi ataunjikidwa kumbuyo kwanga, mwini wake akuyang'ana kumwamba ngati sakuwadziwa. Mantha ndi mantha, koma malonda ndi malonda.

Tinalowa mu Harare kutada, makombi, maminibasi aja, a ku Bindura atatha. Ndinakagona kwa azakhali anga ku Mufakose. Iwo ndinawauza zoona, ndipo anati zoona kapena zabodza, ndowayo igona kubafa.

M'mawa ndinapita pokwerera makombi. Anthu anali ngati nyerere, makombi akubwera mwa apo ndi apo chifukwa cha mafuta, ndipo ikangofika anthu ankalowera ndi pawindo pomwe. Ndi ndowa m'manja sindikanalimbana nawo. Ziwiri zinandisiya. Yachitatu itafika ndinamva mawu odziwika akukuwa kumbuyo kwanga: “Mupatseni njira mwanayo! Musamugunde, ndapota, musagunde ndowayo!” Anali Mai Tsitsi. Nawonso ankapita ku Bindura, kwa mchemwali wawo wogulitsa mumsika. Sindikudziwa chimene anauza anthu, koma khamu linagawikana pakati, ndipo ndinapatsidwa mpando wakutsogolo ndekha, pamene pamakhala anthu awiri ndi mwana. Dalaivala anayendetsa atatsamira kuchitseko chake.

Tinadutsa minda, tinatsika mapiri, tinaona damu la Mazowe likunyezimira. Titangolipitirira, kombi inayamba kunjenjemera, inatsokomola kawiri n'kuzima. Petulo. Dalaivala anatenga chigubu n'kuimitsa lole yopita ku Glendale, akuti akubwera pompano. Pompano wa chaka chimenecho tonse tinkamudziwa, choncho tinatsika n'kukakhala pansi pa mitengo.

Pafupi panali amayi ogulitsa malalanje m'matumba. Anthu anagula, anasenda, anadya. Bambo wina wachikulire, wofuna mtendere ndi aliyense, anatolera makoko n'kubwera nawo kwa ine atawerama pang'ono.

“Mupatseni mnzanuyo,” anatero.

“Zikomo, koma za malalanje sizidya. Zimaziwawa.”

Anabwerera chambuyo n'kukauza anzake kuti chili ndi zakudya zake zosankha.

Dzuwa linafika pamutu, dalaivala osaoneka. Madzi anga anatha, chiguduli chinayamba kuuma m'mbali. Mayi mmodzi wa malalanje anandiuza kuti kuseri kwa mitengo kuli mpopi wa pa famu. Ndowa inali yolemera, mkono unali utatopa, ndipo ndinaganiza kuti padziko lonse palibe katundu wotetezeka kuposa wangayu. Ndinaiika pamthunzi, ndinatenga botolo n'kupita.

Pobwerera ndinamva nyimbo. Ndinaganiza kuti dalaivala wafika, anthu akuthokoza Mulungu. Nditatulukira pamsewu ndinaona anthu ataima mozungulira, patalipatali, akuimba ndi kuwomba m'manja. Pakati panali Mai Tsitsi atagwada pa ndowa yanga, nkhope atatembenuzira kumbali, maso atatsinzina zolimba. Dzanja limodzi linali litatukula chivundikiro, linalo likukhuthula paketi ya mchere wamiyala. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti zoipa zimathawa mchere. Amauwaza pakhomo, amauika m'madzi osamba. Koma aliyense amene anaseweretsapo nyongolotsi ali mwana amadziwanso chimene mchere umazichita.

Ndinakuwa mawu amene sindinawatulutsepo ngakhale pa mapemphero a usiku wonse. Ndinathamanga, ndinakankha Mai Tsitsi, ndinavula nsalu yanga n'kuiyala pansi, ndipo ndinakhuthulirapo ndowa yonse.

Anthu anabalalika. Bambo wa makoko uja analumpha ngalande imene pa msinkhu wake sakanayenera kuilumpha. Hwindi wa kombi yathu anakwera pamwamba pake. Mayi wina anathawa n'kusiya mwana, kenako anabwerera, anatenga mwana n'kusiya nsapato. Mai Tsitsi anagwa chagada akuitana Mulungu m'Chishona, “Maiwe! Mwari wangu!” maso akadali chitsinzinire.

 Pansalu panali mulu wa ndowe zakuda, makoko a nthochi, mchere woyera, ndi nyongolotsi zikuphiriphitha ndi ululu.

Hwindi ndiye anayamba kulankhula ali pamwamba pomwepo. “Sisi, ndi nyongolotsi izi?”

“Ndi nyongolotsi!” ndinakuwa ndikulira. “Mumayesa chiyani?”

“Mwachoka nazo ku Mutare? Pamene anyamata a pa damu apa amagulitsa kwa owedza nsomba?”

“Si zimenezo! Izi n'zofiira, n'za manyowa!” Mpaka lero sindinapite kukaona za pa damuzo, ndipo sindikufuna kudziwa mtundu wake.

Ndinagwada n'kuyamba kukokolola mchere ndi manja, mamina ndi misozi zili mbwee. Ndinkalankhula ndekha, Chichewa ndi Chishona zitasakanikirana: za dampu, za malole, za amayi anga amene amapita m'mawa uliwonse kukayang'ana dothi losamera kanthu. Sindinkauza munthu, ndinkangodandaula. Nditatukula maso ndinapeza Mai Tsitsi atagwada patsogolo panga.

“Ndimati ndikumasule, mwanangu,” anatero. “Ndinaona mwana wabwino atasenzetsedwa katundu wa makolo. Usiku wonse sindinagone. Mchere umenewu ndikanaugulitsa, ndi wa ku Mozambique.” Anayang'ana mcherewo, anayang'ana nyongolotsi, ndipo sindinadziwe chimene ankalirira kwambiri. Kenako anapinda manja a bulauzi. “Tiuze chochita.”

Ndinati tisankhe zamoyo, tizitsuke, tiziike m'dothi latsopano. Mai Tsitsi anatembenukira anthu aja ndi mawu a mumsika. “Inu munkaimba bwino aja, bwerani kuno! Aliyense botolo lake la madzi!”

Anabwera, ena mwamanyazi, ena akuseka. Mayi wa malalanje anabwereketsa beseni. Bambo wa makoko anatumidwa kukatola ndowe zouma za ng'ombe ndi masamba, ndipo anapita akutsimphina. Hwindi anatsika n'kunena kuti iye nyongolotsi sagwira, koma posakhalitsa anali akuzinyamula imodziimodzi ndi kamtengo, akuzitchula kuti mapasenja. Mtsikana wina wa zikhadabo zopaka utoto ankakuwa nthawi iliyonse imene yamoyo yamukhudza, koma sanasiye. Magalimoto odutsa ankachepetsa liwiro kuti aone anthu ovala bwino atazungulira nsalu m'mbali mwa msewu, akutsuka nyongolotsi m'beseni ngati mpunga.

Zambiri zinali zitafa. Zapamwamba, zimene zinakwera kudzadya nthochi, zinali zitauma ngati timitengo ta machesi. Zamoyo tinazipeza pansi penipeni, zitakulungana m'kampira kamodzi. Titamaliza, zonse zimene ndinachoka nazo ku Mutare zodzaza ndowa zinkakwana m'manja awiri a Mai Tsitsi. Mtima wanga unasweka. Ndinkaona timakola ta njerwa tija tili m'mizere, ndi amayi onse aja amene anatuta ndowe pamutu chifukwa cha mawu anga.

Dalaivala anafika dzuwa litapendeka, ndi petulo wa theka la chigubu. Anadabwa kupeza mpando wakutsogolo muli anthu atatu, ndowa ili pamiyendo pa Mai Tsitsi, amene ankaiwaza madzi n'kumaifunsa ngati ikupuma bwino. Ku Glendale sitinaime. Ku Bindura Mai Tsitsi anandipatsira ndowa, anandikumbatira, n'kundikankhira sopo mmodzi m'chikwama. Anati ndikapepese kwa amayi, iye nkhope yokaonekera kumeneko alibe.

Ndinayenda wapansi mpaka ku komboni. Amayi a gulu anali ku dimba kuja chiyambire dzulo lake, ndipo atandiona patali anayamba nthungululu. Ena anavina.  Ndinaika ndowa pansi, ndinatsegula, ndinafukula masamba n'kuwaonetsa kampira kaja.

Nthungululu zinazima imodziimodzi.

“Zonse ndi zimenezi?” anafunsa mayi wina.

Ndinafotokoza za mchere. Ndinkayembekezera kulira kapena kutukwana, koma nditafika pa chikwambo mayi wina anaphulika kuseka, ena anatsatira, mpaka ena anakhala pansi. Amayi anga okha sanaseke. Anagwada n'kuyang'ana m'ndowa nthawi yaitali.

“Sizikwana, amayi,” ndinatero. “Timakola tonseti, ndiponso alendo aja sali kutali. Ndakulakwirani.”

“Zimaswana?” anafunsa.

“Amati zimaswana.”

“Nanga ukulira chiyani? Bambo ako anafika pa mgodi uno okha, ndi bulangete limodzi. Taona komboni lero, ana osowa powaponda.”

Anapisa manja m'ndowa, anatenga kampira kaja n'kupita nako ku kakhola ka pakona, kamene kanali ndi mthunzi. Anafukula ndowe, anakaika pansi bwinobwino n'kukwirira ndi masamba. Ndinawamva akulankhula motsitsa, monga amalankhulira ndi mkamwini watsopano.

“Nanunso ndinu obwera ngati ife. Idyani chimene mwapeza, gwirani ntchito. Adzakuzolowerani.”

Alendo aja atabwera, dimba lonse silinabiriwire. Manyowa anangokwanira kachigawo ka pakona, mizere ingapo ya repu ndi mpiru, kwinako kuli kotuwa monga kale. Anajambula kachigawo komweko, mayi wina wa iwo anagwada n'kununkhiza dothi, ndipo a Gumbo anaima kutsogolo ngati anatuta ndowe ndi iwo. Malole anawapezera malo ena kuseri kwa geti.

Mtolo woyamba wa repu amayi sanagulitse, ndipo tsiku limenelo sanauphike. Anausenza pamutu, kamtolo koti n'kunyamula ndi dzanja limodzi, n'kuzungulira nawo komboni yonse mpaka masamba anafota. Aliyense wokumana naye, ngakhale amene sanafunse, ankamuimitsa n'kumuuza kuti, “Wa m'munda mwanga.”